Zala Ziwiri pa Khoma la Ana

Makala anali ndi lamulo limodzi lokha m'kalasi mwake, ndipo ana onse ankalidziwa pamtima: munthu sakhudza chojambula cha mnzake. Mwana akanatha kudzipaka penti mpaka m'makutu, akanatha kujambula galu wapepo wa miyendo isanu ndi umodzi, Makala ankangofunsa kuti galuyo akupita kuti. Koma wina angoyerekeza kutambasula dzanja kuti akonze mphuno pa pepala la mnzake, ankamuona Anti Makala weniweni. Ngakhale iye mwini, mphunzitsi, sankakhudza. Ankaika manja kumbuyo n'kumadziluma mlomo, mwana n'kumalimbana yekha ndi mphunoyo mpaka itheke.

Dzinalo anamupatsa ndi ana omwewo chifukwa zala zake sizinkayera. Ankawaphunzitsa zojambulajambula m'chipinda chomwe kale chinali chosungiramo katundu kuseri kwa famase, sitolo yogulitsa mankhwala, ndipo mapensulo akatha ankatola makala. Panja pa chipindacho panali kabwalo ka geti lachitsulo ndi khoma lalitali lopaka laimu. Khoma limenelo anakhala nalo miyezi iwiri, iye ndi ana khumi ndi anayi, aliyense atapatsidwa malo ake oti ajambulepo anthu akwawo.

Ndiye panali Mzere, wolemba zikwangwani. Dzanja la mnyamata ameneyu silinkadziwa kunjenjemera, ankalemba mzere wowongoka popanda rula, n'chifukwa chake anthu anaiwala dzina lake lenileni. Anadziwana tsiku lomwe anabwera kudzalemba chikwangwani cha famase ija. Anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati agalu apepo alikodi, Makala n'kumuyankha kuti aliko, ndipo amaluma anthu ofunsa zopusa. Panali patapita chaka ndi theka tsopano, awiriwo atagwirizana zokwatirana. Chomwe chinatsala chinali amayi ake a Mzere basi.

Mayi amenewa anasoka mayunifolomu zaka makumi atatu, ndipo ankayang'ana munthu ngati akufufuza pomwe ulusi wasomphoka. Za Makala ananeneratu poyera: mkazi wamkulumkulu wongokhalira kusewera ndi matope ndi ana a eni ake, angasunge nyumba ameneyo? Mtima wawo unali pa mtsikana wa ku famase, wa gauni loyera ndi zikhadabo zosadziwa litsiro, yemwe ankawapititsira yekha mankhwala a miyendo kunyumba, komanso amalume ake ndiwo anali eni nyumba yonse ya famaseyo, ndi kalasi ya Makala yomwe. Mzere anawanyengerera masabata atatu, mpaka anavomera kubwera Loweruka, tsiku loonetsa khoma kwa makolo. Anati akaona ntchito yooneka, nkhani ya ukwati aipititsa okha kwa akuluakulu, akaona zibwana asadzamvenso dzina la Makala m'nyumba mwawo.

Lachisanu masana Makala anayang'ana khomalo komaliza, mtima uli mbee, n'kukhoma geti. Anapita kukabwereka mabenchi ndi kukumbutsa makolo za nthawi, ndipo sanabwererenso tsiku limenelo.

* * *

Loweruka m'mawa chinayamba kumulonjera chinali fungo. Ana ake ankagwiritsa ntchito penti wamadzi, wosanunkha kanthu, koma pa geti pankamveka penti wamafuta, uja wa zikwangwani, wolasa m'mphuno. Anatsegula mwachangu, kiyi n'kugwa pansi osatola.

Khoma linali lokongola, inu, lokongola moti munthu wodutsa akanaima n'kujambula pa foni. Mitu ikuluikulu ija inali itachepetsedwa, miyendo yonse inali yofanana kutalika, nyumba zomwe zinkapendekeka zinali chilili ndi mawindo a ngodya zinayi. Galu wapepo anali wabulawuni, miyendo inayi ngati galu aliyense. Agogo ena omwe mdzukulu wawo anawajambula akuuluka pamwamba pa denga anali atatsitsidwa, aima pansi ndi nsapato. Palibe chomwe chinafufutidwa, koma palibenso mwana yemwe anatsalapo.

Makala anakhudza ndi chala, penti n'kumumata. Wamadzi ukanachoka ndi nsanza yonyowa, koma uyu akauma amakhala zaka ndi zaka, dzuwa ndi mvula zimangomulephera. Sanafunikire kufunsa kuti ndani. Mizere imeneyo ankaidziwa bwino, ndi yomweyo inkalemba mawu achikondi kuseri kwa timakatoni n'kumuponyera pawindo. Anapsa mtima moti meseji yomwe anamutumizira Mzere inangokwana mawu atatu: "Bwera kuno pompano."

Yankho silinachedwe. "Waona kale? Usandithokoze pa foni, ndili m'njira." Anaikaponso kankhope komwetulira, munthu wopanda manyazi.

* * *

Mzere anafika atavala shati yoyera, imodzi yokhayo yomwe anali nayo, yosita mpaka kuthwa m'mikono. Kumwetulira kunatha atangoona nkhope ya Makala. Makalayo anamukokera m'kalasi, n'kutseka chitseko kuti a mabenchi asamve.

Mzere anayamba kufotokoza mofatsa ngati akulankhula ndi kasitomala wovuta. Ati sanagone masiku awiri poganiza za amayi ake. Ati amawadziwa, maso awo ndi a telala, akaona mwendo wina wautali wina waufupi sakanaona mwana, akanaona mphunzitsi wolephera. Kiyi ya geti anabwereka ku famase, ntchito anaigwira Lachisanu masana onse, khosi mpaka kuuma. Za kiyizo Makala anazimva koma sanazilabadire, mkwiyo wake unali kwina.

"Sindinafufute kanthu," anatero Mzere. "Ndangowongola."

"Chinapindika n'chiyani?"

Mzere anapukusa mutu n'kunena kuti asamachite ngati sakumva. Anamukumbutsa kuti tsikuli ndi lomwe akhala akulidikira chaka ndi theka, kuti mayi ake akatuluka pa geti atakwinya nkhope ndiye kuti zonse zathera pomwepo. Makala anamuuza kuti ana ena anabwerako ngakhale tsiku la mvula kudzamaliza malo awo, kuti galu wapepo anali ndi dzina, kuti agogo aja ankauluka chifukwa anamwalira chaka chatha ndipo mdzukulu wawo sankafuna kuwajambula m'manda. Koma m'malo mopepesa, Mzere anakweza mapewa.

"Ndiye ukanafuna amayi aone zija?"

Mawu akuti zija anamulasa Makala kuposa khoma lomwe. Anamuyang'ana nthawi yaitali munthu yemwe ankabwera madzulo kudzamuthandiza kutsuka maburashi, yemwe ankaseka ndi ana, n'kumati ali ndi luso.

"Kani iwenso umaziona ngati mmene amazionera amayi ako," anatero. "Chaka ndi theka ukungondisekerera."

Mzere analumbira kuti si choncho, anafuna kumugwira dzanja, Makala n'kulibweza kumbuyo. Panja mabenchi anali atayamba kudzaza.

* * *

Makolo anaomba m'manja atangolowa. Ena ankafunsa ana awo ngati zoonadi ndi iwo anajambula zokongola chonchi, ana n'kumangoyang'ana pansi. Ana khumi ndi anayi omwe masiku onse ankasokosa mpaka a ku famase kugogoda khoma, lero anali zii. Ankayang'ana khoma, kenako Anti Makala, kenako khoma. Lamulo ankalidziwa, ndipo ankadikira kuti aone amene walithyola achitidwa chiyani.

Amayi ake a Mzere anafika mochedwa dala, mtsikana wa ku famase atawanyamulira chikwama ndi ambulera. Anayenda khoma lonse kuyambira kumanzere mpaka kumanja, manja kumbuyo, magalasi pamphuno. Pa nyumba iliyonse ankaima n'kuyeza ndi diso. Atafika kumapeto anavula magalasi aja n'kuitana Makala ndi dzanja, anthu onse akuona.

"Mwana wanga, ndinakulakwira," anatero. "Ngati tiana tating'ono chonchi ukutiphunzitsa kuwongola dzanja mpaka apa, nyumba uisunga. Ndilankhula ndi akuluakulu sabata yomwe ino."

Tinene zoona, Makala anafuna kungoti zikomo amayi. Anafunitsitsa. Mawu omwe anawalota chaka ndi theka anali atamugwera m'manja, chongofunika chinali kutseka pakamwa mphindi imodzi. Mzere anali kumbali, maso akumupempha, ndipo Makala anamva mtima wake ukuyamba kugonja. Anawerama mwaulemu, pakamwa patatseguka kale.

Pamenepo wina anamukoka diresi. Anali Kamanzere, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi kojambula ndi dzanja lamanzere, komwe sikankalankhula kawirikawiri.

"Anti, abambo anga apita kuti?"

Makala anatsatira chala cha mwanayo. Pamalo pa Kamanzere panali bambo wamtali akukweza dzanja lamanja, zala zisanu zokongola, zofanana bwinobwino. Koma bambo ake a Kamanzere anali ndi zala zitatu ku dzanja limenelo, ziwiri zinatsala m'makina ochekera matabwa mwanayo asanabadwe. Kamanzere anatha Loweruka awiri pa dzanja lokhalo. Anayamba wajambula zisanu, n'kupita kunyumba kukawerenga, n'kubwera kudzafufuta yekha, chifukwa ati dzanja lomwe limamugwira powoloka msewu ndi la zitatu. Mzere anaona zala zitatu n'kuganiza kuti mwana sadziwa kuwerenga.

Bambowo anali ataima kumbuyo kwa mwana wawo, atavala jekete la ku ntchito. Anayang'ana dzanja la pakhoma lija, kenako pang'onopang'ono analowetsa lawo m'thumba. Makala anaziona, ndipo zikomo uja anafera pakhosi.

Analankhula osakweza mawu, koma bwalo lonse linamva. Anawauza amayiwo kuti sangalandire ulemu umenewo chifukwa zomwe akuyamikirazo si ntchito ya ana ndipo si ntchito yake. Ana ake amajambula mitu ikuluikulu ndi agalu apepo, ndipo iye sawawongola, amawaphunzitsa kuyang'ana ndi kunena zomwe aona. Khomali lakonzedwa dzulo ndi munthu wamkulu, iye osadziwa, ana osafunsidwa. Dzina sanatchule, koma panalibe wofunika kuuzidwa, makosi onse anatembenukira kwa munthu wa shati yoyera.

Nkhope ya amayi inauma. Anabweza magalasi pamphuno n'kumuyang'ana Makala kuyambira ku tsitsi mpaka ku zala zakudazo.

"Ndiye waitana anthu onsewa kuti udzamuvule mwana wanga pagulu? Iye wathyoka khosi kukubisira manyazi, malipiro ake ndi amenewa?"

"Ndinalibe manyazi oti andibisire, amayi."

Mayiwo anamufulatira. Anangouza mwana wawo kuti waona yekha, mkazi yemwe angasankhe ana a eni kusiya mwamuna wake lero adzachitanso chimodzimodzi m'nyumba. Wa ku famase anatambasula ambulera mwaulemu wonse, nkhope yachisoni ngati ali pamaliro, ndipo pokweza mkono Makala anaona kadontho kachikasu pa lamba wa wotchi yake. Anakaona chabe, maganizo ake anali pa Mzere, yemwe anaima pakati pa bwalo akuyang'ana uku ndi uku. Kenako mwamunayo anatsatira amayi ake kutuluka pa geti.

Makala anagwada pamaso pa ana n'kuwapepesa mmodzimmodzi. Anawalonjeza kuti Lolemba ayambiranso pa mapepala aakulu, ndipo galu abwerera ku mtundu wake. Bambo ake a Kamanzere anayesa kumuseketsa, ati asadandaule aphunzitsi, akhala akufuna zala ziwirizo kwa zaka zambiri ndipo lero azipeza popanda kupita ku chipatala. Anthu anaseka pang'ono, koma dzanja lija silinatuluke m'thumba mpaka anapita.

* * *

Cha m'ma folo koloko, mabenchi atabwezedwa, geti linalira. Makala anali akutsuka timabotolo ta penti pa mpopi ndipo sanatembenuke. Mzere analowa ndi mpeni wopalira, botolo la parafini ndi kachitini ka penti, shati ija itakwinyika tsopano.

Anaima patali n'kunena kuti wachokera kwawo kwa Kamanzere. Ati anakagogoda, n'kupepesa kwa bambo, koma bambowo anamuuza kuti khoma si lawo, apepese kwa mwini wake. Kamanzere anamuimika pakhonde, n'kumuwerengetsa zala za bambo ake mokweza, kawiri. Kenako anamulamula kuti akachotse ziwirizo, asakhudze china chilichonse, zotsalazo adzakonza yekha.

"Ndinalakwa, Makala. Ndimaona mizere, sindinaone anthu."

Makala sanafune kuti zimukhudze, koma zinamukhudza. Anayerekeza m'maganizo mwamuna wamtali chonchi akuwerenga zala pamaso pa kamwana, ndipo pakamwa panafuna kumwetulira, iye n'kupaletsa. Anamuuza kuti apale, ayankhula akamaliza. Mzere anaika foni pa chitini, anagwada n'kuyamba kupala mosamala.

Ali chiimire kumbuyo kwake, Makala anayang'ana khomalo koyamba ndi maso a uphunzitsi, osati a mkwiyo. Ntchito yake inali yodziwa manja. Akanatha kutola pepala lopanda dzina pansi n'kunena kuti ndi la mwana uti, pongoona mmene burashi yayendera. Pakhomapo ankaona dzanja la Mzere paliponse, lolimba, losabwerera kawiri. Koma m'munsi monse munali mzere wa maluwa achikasu omwe ana sanajambulepo, ndipo dzanja lake linali lina. Linali dzanja logwira burashi kumapeto kwenikweni, lodonthezadontheza, la munthu woopa kuda zikhadabo. Kadontho ka pa wotchi kaja kanabwerera m'mutu mwake.

"Maluwa awa wajambula ndani?"

Mpeni unaima. Mzere sanatembenuke, ndipo khosi lake linayamba kunyezimira thukuta. Anati mtsikana wa ku famase uja anangobweretsa kiyi. Atafunsidwanso anati anangomugwirira makwerero. Atafunsidwa kachitatu zonse zinatuluka: ndi iye yemwe anamuitana Lachitatu n'kumuuza mwachifundo kuti wasuzumira khoma ndipo akumumvera chisoni Makala, amayi akaseka. Ndi iye anati munthu waluso ngati Mzere sangalole chibwenzi chake kuchita manyazi. Anakhala naye kuyambira wani koloko mpaka dzuwa kupendeka, geti lotseka, akumupatsira maburashi. Wa ku famase ankalidziwa bwino lamulo la m'kalasimo, ankalimva tsiku ndi tsiku kudzera pakhoma.

"Masana onse, awiriwiri, pa khoma la ana anga," anatero Makala. "Ndipo m'mawa uja unaima m'kalasimo n'kundiuza kuti unathyoka khosi wekha."

Mzere anadzuka akulumbira kuti palibe chinachitika, kuti anabisa poopa kuti akwiya. Makala anamufunsa ngati pano akuoneka wosangalala. Anali asanamalize kulankhula pomwe foni ya pa chitini inawala. Makala sanali munthu wogwira foni ya mwamuna, koma tsiku limenelo malamulo anali atathyoka kale. Anaitola n'kuwerenga mokweza, mawu amodziamodzi.

"Usaiwale mawa. Makolo ake a mtsikana wathu wa ku famase afika thu koloko. Uchape shati yoyera ija, uoneke ngati munthu."

Inachokera kwa amayi ake a Mzere. Ndipo sinati pali nkhani, inati usaiwale.

Mzere anayamba kuchita chibwibwi. Ati amayi anakonza zimenezo kalekale ngati njira yachiwiri, khoma likawakhumudwitsa, ndipo n'chifukwa chake iye anachita mantha mpaka kutenga burashi. Ati samafuna kupitako, amafuna kumuuza, amangodikira nthawi yabwino. Makala anamvetsera mpaka mawu anamuthera. Misozi inali pafupi, koma anakana kuti mwamuna ameneyu aione.

Anaika foni pansi bwinobwino. Anatsegula kachitini kaja, penti wamafuta wakuda, uja wosamva sopo kapena parafini akalowa mu nsalu. Anaviikamo zala zitatu mpaka m'mfundo, n'kuyandikira. Mzere anaganiza kuti akubwera kudzamukhululukira, mpaka anatambasula manja. Makala anadinda zalazo pa chifuwa cha shati yoyera, kumanzere, n'kuzikoka pang'onopang'ono mpaka pa thumba.

"Ukavale yomweyi," anatero. "Akakufunsa kuti ndi dzanja la ndani, ndikufuna ndimve kuti wayankha chiyani."

Anamutulutsa pa geti ndi mpeni wake womwe, chala chimodzi cha pakhoma chitapalidwa, china chikadalipo. Akukhoma loko anaona katani ya pawindo la kuseri kwa famase ikugwedezeka, ndipo anadziwa kuti mwini maluwa achikasu waona zonse.